Musanagwire rook, werengani kaye

Anzanga okonda chess tamverani izi. Mu December 2024 ku Singapore, gemu yomaliza ya 14 ya Ding Liren ndi Gukesh yolimbirana ukatswiri wa chess wa dziko lonse lapansi imaoneka kuti ithera droo basi, koma pa move 55 Ding anakankhira rook pa f2 kuti asinthane, osaona kuti bishop wake wapanikizika pakona pa a8. Gukesh anadya rook ija, kenako nkukakamiza kusinthananso ma bishop, kunatsala mafumu ndi ma pawn okha Gukesh akuposa Ding ndi pawn imodzi. Ukatswiri wa dziko lonse unapita kwa Gukesh pompo, zinandikhudza zedi.

Ndiye inu posinthana musamathamange, dzanja likhale pansi kaye, dzifunseni kuti akadya ine nkudya, pabodi patsala chani? Werengani mpaka kumapeto olo mutatopa bwanji.