Matabwa a pansi pa thilela: kagulidwe kake kuno ku chigwa cha Shire

Anzanga a mathilela, inu onyamula thonje ku Ngabu, nzimbe ku Nchalo, njerwa ndi mchenga, pansi pakayamba kubooka musamangothamangira thabwa lililonse poti latchipa.

Yambani mwachotsa akalewo muone zitsulo zopingasa pansipo. Ngati dzimbiri ladya, wowotcherera ayambe wagwira ntchito yake, kenako yezani mpata wa zitsulozo. Zikatalikirana kupitirira masentimita 60 thabwa la inchi imodzi ndi theka lizingonepa, gulani la mainchesi 2, makamaka ngati mumakweza ng'ombe kapena miyala.

Koma nkhani yaikulu ndi kuuma. Matabwa ambiri amene timagula kuno amachita kutsika kuchokera kumtunda kozizira, ena angochekedwa kumene, ndiye akafika ku Chikwawa kapena Bangula mwezi wa Okutobala dzuwa lija lopitirira madigiri 40 amauma mwachangu, kupindika, kung'aluka kumapeto, mipata nkutseguka mpaka mwendo wa mbuzi kulowa, mabawuti onse khwekhwe. Linyamuleni thabwalo, laliwisi limalemera mopitirira ndipo limazizira m'manja, mukaligogoda silimalira bwino. Mukapeza aawisi okhaokha gulanibe koma muwasanje pamthunzi, timitengo pakati pake kuti mphepo idutse, pamwamba mutsindike ndi zolemera, adikire masabata angapo. Zimawawa thilela itangoima koma kugula kawiri kumawawa koposa.

Mtengo wake ine ndimati bulugamu, koma wokhwima, wofiirira mkati. Wanthete woyera uja ayi, amapotoka komanso amafumbwa. Paini ndi wopepuka komanso wofewa, pa thilela yaing'ono ya matumba alibe vuto bola akhale wothiridwa mankhwala, wobiriwira uja, apo ayi chiswe chathuchi ndi matope a dzinja sizimusiya. Tsanya tonse tikudziwa kulimba kwake, chiswe chimamulephera, koma amalemera zedi, wowongoka wautali ndi wosowa, ndipo mitengo yachilengedwe ngati tsanya, mlombwa ndi mbawa imafuna chilolezo cha a zankhalango. Wina akabwera nawo usiku opanda mapepala musalandire chonde, mwina achokera ku nkhalango zotetezedwa za Lengwe kapena Mwabvi, mutaya matabwa ndi ndalama zomwe, nkhalango nazo zikutha tikuona.

Posankha yang'anani thabwa lililonse mulitali mwake ndi diso limodzi, lokhota siyani, la mfundo zazikulu m'mphepete siyani, pamfundo ndi pomwe limathyokera.

Pomanga boolani kaye ndi dirilo, bulugamu wouma amang'aluka mukamukakamiza. Mabawuti akhale a galvanised (okutidwa kuti asachite dzimbiri) ndi mawasha, makamaka pa paini wa mankhwala chifukwa mankhwalawo amadya chitsulo wamba. Siyani kampata ka mamilimita 5 madzi azitsika, koma a mchenga phatikizani. Pakani Solignum (mankhwala oteteza matabwa ku chiswe) mbali zonse musanamange, kunsi ndi kumapeto komwe mwadula, oyilo wakuda musapake, amatereretsa ziweto. Pakatha mwezi bwerezani kumanga mabawuti onse musanakwere nayo phiri la Thabwa.