Kugula puloti koyamba: muyambire pati?

Mwapeza puloti ku Lilongwe yoti mumangepo nyumba za lendi? Musapereke ndalama kaye.

Choyamba, tengani nambala ya pulotiyo mukafufuze ku ofesi ya Lands. Kumeneko mudziwa mwini wake weniweni, komanso ngati malowo ali pa chikole kubanki. Ambiri amagwa apa: amangodalira kalata ya amfumu, chonsecho puloti yomweyo inagulitsidwa kale kwa anthu awiri.

Kenako itanani saveya akuonetseni mabikoni, zizindikiro za malire a pulotiyo. Mpanda wa neba si malire ayi. Mukapiteko nthawi ya dzinja, muone ngati sipadikha madzi.

Funsaninso ngongole za ground rent (lendi ya malo) ndi city rates (msonkho wa kukhonsolo ya mzinda), poti zikatsala zidzagwera inu. Lipirani kudzera kwa loya, ndipo musakumbe maziko khonsolo isanavomereze pulani, chifukwa amagwetsa.