Fakitale ya matabwa ikatseka kumudzi, ife a ku Joni tithandize bwanji?

Lamulungu lapitali, titaweruka ku tchalitchi ku Yeoville, mayi wina anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mlongo wake wogwira ntchito pa fakitale ya matabwa kumudzi: "Achemwali, makina azimitsa. Atiuza kuti tisabwerenso Lolemba." Mayiyo anali atatsegula kale Mukuru kuti atumize kangachepe. Ndinawapempha kuti ayambe adikira tikambirane.

Ndikuwamvetsa. Kabwalo kamalonda komwe kamadalira fakitale imodzi kamafota msanga. Amayi ogulitsa nsima pa geti, akabaza, eni nyumba za lendi, onsewo amadya malipiro a wocheka matabwa. Koma ma rand a ufa amatha mwezi usanathe, ndipo foni imaliranso.

Choyamba, m'bale wanuyo alandire zake. Lamulo la ntchito ku Malawi, Employment Act ya 2000, limati wochotsedwa ntchito kampani ikatseka apatsidwe severance: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kupitirira apo. Ndalama ya tchuthi chomwe sanapite ndi ya penshoni ndi zapadera. Muuzeni asunge kalata yomuchotsera ndi mapepala a malipiro, asasayine chomwe sanachimvetse, ndipo apite ndi anzake ku ofesi ya zantchito pa boma. Zikavuta pali khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Ndalama yanu yoyamba ikhale ya thiransipoti imeneyo.

Kenako funsani chimene chatsala pamalopo. Makina akapita, pamatsala mulu wa utuchi, zigwagwa, ndi anthu odziwa thabwa kuposa ife tonse. Apa ndi pomwe ndimafuna tikhazikike.

Utuchi wouma ndi wabwino kuyala m'khola la nkhuku za nyama, zomwe zimakhwima pa masabata 6, ndipo mukausesa mwapeza manyowa a kudimba. Ena amathamangira kulima bowa. Chenjerani: utuchi wa paini uli ndi utomoni womwe bowa wa oyisitala sagwirizana nawo. Uyambe wakhalitsa pamvula ndi dzuwa, muusakanize ndi mapesi a chimanga oduladula, muuphike ndi nthunzi mu dilamu musanathire mbewu. Utuchi wa matabwa othiridwa mankhwala, aja obiriwira, usalowe m'khola, m'bowa kapena pamoto wophikira.

Zigwagwa zimatuluka mipando, makola, mabokosi a tomato, komanso ming'oma ya njuchi. Ming'omayi ndimaikonda chifukwa munthu amene wapachika yake m'nkhalango sangalole mnzake kuyatsa moto wosaka mbewa. Amene munadutsapo ku Chikangawa, nkhalango ya Viphya ija ya mahekitala oposa 50,000, mukudziwa mmene moto ndi kudula kosabwezeretsa zinasiyira mapiri ambiri ali mbee.

Zipangizo ndiye mbali yathu. Kuno pulena, macheka ndi chiboolera zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka motsikirapo mtengo. Musanapereke kwa transporter wodzera ku Beitbridge ndi Tete, funsani ngati pamalopo pali magetsi a Escom, ndipo muwerengeretu msonkho wa MRA pa Mwanza kapena Dedza. Makina ofuna magetsi amphamvu a three phase pomwe palibe thiransifoma yake angokhala pakhonde kuchita dzimbiri.

Musatumize aliyense payekha. A dera limodzi khalani pansi monga timachitira pa gulu la maliro, musonkhe mwezi ndi mwezi, ndalamayo ikalowe ku banki mkhonde kapena kalabu yokhala ndi buku, osayinira atatu, amfumu akudziwa. Ikhale ngongole yobweza pang'onopang'ono kuti izungulire. Mlembi azijambula tsamba la bukulo n'kuliponya pa gulu mwezi ukatha, poti chimene chimapha magulu athu ndi kukayikirana.

Za mitengo tisanamizane. Paini amafuna zaka pafupifupi 20 kuti achekedwe. Bulugama amapereka mapolo msanga koma amamwa madzi, asayandikire dambo. Nyengo yodzala mitengo ku Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, choncho mbewu ilowe m'machubu pofika Ogasiti kapena Seputembala. Alangizi a zankhalango pa boma adzakuuzani mtundu woyenera dothi lanu.

Mayi aja anatumizabe ya ufa, ndipo anachita bwino, ana sangadikire komiti. Koma anawonjezerapo ya basi yopita pa boma, ndipo Loweruka likudzali a kwawo onse akumana ku Joubert Park kuti asankhe msungichuma.