Kawedzedwe ka king salmon pokoka nyambo ndi boti

Mwafunsa mmene asodzi a ku Alaska (ku America) ndi British Columbia (ku Canada) amagwirira king salmon, nsomba yaikulu ya mtundu wa salmon, pokoka nyambo kumbuyo kwa boti. Choyamba, nyikani nsomba zing'onozing'ono zotchedwa herring, zomwe ndizo nyambo, m'madzi amchere usiku wonse kuti zilimbe. Kenako dulani mutu mopendekera, muchotse matumbo, ndipo mukoleke mbedza ziwiri, ina pafupi ndi podulapo, inayo cha kumchira. Musanatsitse nyamboyo, iyeseni m'madzi pambali pa boti. Ngati siikuzungulira monga nsomba yovulala, ikonzeninso, pakuti ambiri amalakwa pomwepa. Tsitsani nyamboyo ndi downrigger (chipangizo chokhala ndi chingwe ndi chitsulo cholemera chomiza nyambo) mamita 15 mpaka 30, muyendetse boti makilomita pafupifupi 4 pa ola, makamaka m'bandakucha. Ku British Columbia lamulo limafuna mbedza zopanda kaminga kobwerera m'mbuyo.