Momwe mungaonere Ubc9 pa western blot kuno ku Mangochi, antibody wanu osawonongeka

Anzanga a mu labu, makamaka inu ophunzira amene mwangoyamba kafukufuku, nkhani ya lero ndi puloteni yotchedwa Ubc9 ndi momwe mungaionere pa western blot, njira yoonera puloteni ngati mzere pa membrane pogwiritsa ntchito antibody amene amagwira puloteniyo. Kwa amene simukumudziwa, m'maselo mwathu muli kapuloteni kakang'ono kotchedwa SUMO kamene kamamatidwa pa mapuloteni ena n'kusintha kagwiridwe kawo ka ntchito. Mapuloteni otchedwa SAE1 ndi SAE2 ndi amene amakadzutsa, kenako amakapereka kwa Ubc9, ndipo pa ntchito yonyamula SUMO enzyme ya E2, kutanthauza ya sitepe yachiwiriyi, ndi iyeyu yekha basi. Jini yake ndi UBE2I, dzinali ndi limene mulembe posaka antibody.

Musanalipire antibody werengani datasheet yake bwinobwino. Onani ngati anamuyesa pa western blot komanso ngati amagwira puloteni ya munthu kapena ya mbewa, kutengera maselo anu. Awa ndi a kafukufuku chabe, osati oyezera odwala.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani. Kabotolo kake nkochepa kuposa chala, mwina ma microlitre 100, koma katsika ndege ku Chileka kenako kayende pamsewu kudutsa Zomba, Liwonde mpaka kuno, ndiye inu mukukudziwa kutentha kwa Okutobala kunyanja kuno. Mmene ogulitsa chambo amathamangira ndi ayisi, inunso chimodzimodzi, cooler box ikhale yokonzeka galimoto isanafike. Kakangofika kazungulitseni pang'ono mu centrifuge kuti timadontho ta pachivindikiro titsike, gawani m'timachubu ta ma microlitre 10, lembani deti, ikani mu -20°C, koma datasheet ikanena zina tsatirani zimenezo. Kuumitsa nkusungunula kangapo kumamupha antibody. Ine chubu changa choyamba ndinachisiya chathunthu, magetsi anathima usiku jenereta osayaka, ndipo blot yotsatira inatuluka mbee, mtima unandiwawa sabata yonse. Timachubuto muziike mkati mwenimweni mwa fuliza pakati pa ma ice pack, osati pachitseko.

Pophwanya maselo zonse zikhale pa ayisi, ndipo mu lysis buffer thiranimo protease inhibitor. Ngati mukufuna kuonanso mapuloteni amene amatidwa SUMO, onjezerani NEM wa 20 mM wongosungunula kumene, chifukwa mankhwalawa amaletsa ma enzyme otchedwa SENP amene amayamba kudula SUMO uja selo ikangosweka. Valani magolovesi, NEM ndi poizoni.

Ubc9 ndi wamng'ono, kulemera kwake ndi 18 kDa, ndiye gel ikhale ya 15%, membrane ya 0.2 µm, transfer musaitalikitse angabowole nkupita. Blocking ndi mkaka wa ufa wopanda mafuta 5% mu TBST ola limodzi, osati uja wa mu tiyi chonde. Primary, antibody wanu wa Ubc9 uja, ambiri amayambira pa 1:1000 usiku wonse pa 4°C. Mmawa tsukani katatu, secondary (antibody wachiwiri wogwira primary) yokhala ndi enzyme ya HRP, yogwirizana ndi nyama imene primary anachokera, kalulu kapena mbewa, tsukaninso, thirani ECL imene imawala ikakumana ndi HRP, jambulani.

Mzere waoneka pa 18, koma mukudziwa bwanji kuti ndi iyeyo? Pambali pake payenera kukhala sampulo imene mwatsitsa UBE2I ndi siRNA (ka RNA kakafupi kochepetsa mphamvu ya jini), mzerewo ukazilala pamenepo ndiye kuti antibody akunena zoona. Actin kapena GAPDH akuuzani ngati munathira mofanana. Chinanso chimene chimandisangalatsa, sampulo imodzi musaithire DTT kapena beta-mercaptoethanol, nthawi zina mumaona mzere wina pamwamba, ameneyo ndi Ubc9 atabereka SUMO pa cysteine 93, ndipo mu sampulo ya DTT mzerewo suonekanso.

Primary wosungunula uja musataye, thiranimo sodium azide 0.02% nkusunga pa 4°C, amagwiranso kawiri kapena katatu, bola azide asafike mu secondary chifukwa amapha HRP.