Kukonzekera ulendo wautali wa panjinga yamoto: kuchoka ku Lilongwe kupita kumpoto

Njinga yamoto imene imakufikitsani kuntchito m'mawa uliwonse popanda vuto isakunamizeni kuti ili bwino. Paulendo wa mphindi makumi awiri wa m'tauni mumafika injini isanavutike n'komwe, ndipo tcheni chotha kapena tayala lokalamba zimatha kubisa matenda awo kwa miyezi yambiri. Msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa mpaka ku Mzuzu, womwe ndi wa makilomita opitirira 350, ndiwo umaulula zonsezo, ndipo nthawi zambiri umaziulula pamalo pamene palibe makaniko, palibe mthunzi, foninso sikugwira. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukwera kumpoto pa M1, kutsika ku Chiweta, kenako n'kubwerera m'mbali mwa nyanja pa M5, kaya ali pa Yamaha AG 200, pa Honda XR kapena pa Bajaj Boxer.

Ntchito ya pakhomo musananyamuke

Sevisi muchite kutatsala sabata yathunthu, osati dzulo lake la ulendo. Ngakhale makaniko waluso amatha kuiwala kumanga bauti imodzi, ndipo ndi bwino kuti cholakwikacho chionekere muli pafupi ndi kwanu kusiyana ndi kuti chikaonekere m'nkhalango ya Chikangawa. Pothira oyilo watsopano, yang'anani pabotolo ngati palembedwa kuti JASO MA kapena MA2. Njinga zambiri kilatchi yake imakhala m'kati mwa oyilo yemweyo wa injini, choncho oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka: injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, makamaka pachitunda muli ndi katundu.

Tcheni ndicho chimafuna kuchidekhera. Ikani chala pakati penipeni pa tcheni cha m'munsi, pakati pa sipoketi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndipo muchikankhe m'mwamba ndi pansi. Pa njinga zambiri chiyenera kusewera masentimita awiri ndi theka kapena atatu, ndipo zoyenda m'misewu yafumbi zimafuna kupitirirapo pang'ono. Muyeso weniweni umalembedwa m'buku la njingayo kapena pakapepala komatidwa pafupi ndi tcheni. Anthu ambiri amalakwitsa pochikunga kwambiri poganiza kuti cholimba ndiye chabwino. Mukakhalapo inu, chikwama ndi chigubu cha madzi, kumbuyo kumatsika ndipo tcheni chimakungika chokha, moti chimene munachimanga kale mothina chimayamba kudya mabering'i ndipo mapeto ake chimatha kuduka. Kuti mudziwe ngati chatha, chikokeni kumbuyo kwenikweni kwa sipoketi yaikulu: chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, kapena mano akakhala opindika ngati mbedza, gulani tcheni ndi masipoketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa tcheni chatsopano pa mano akutha sichichedwa kuonongeka. Kachitsulo kotsekera polumikizira tcheni kali ndi mbali yotseka ndi mbali yotsegula, ndipo yotsekayo ndiyo iyenera kuloza kumene tcheni chikupita. Tsukani ndi palafini, osati petulo, makamaka ngati tchenicho chili ndi timphira m'malumikizidwe ake.

Matayala musangowaona mapanga okha. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala limene lapitirira zaka zisanu ndipo layamba ming'alu m'mbali limauma ndi kusiya kugwira phula lonyowa ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano. Mpweya muziyeza m'mawa tayala lisanatenthe, ndi geji yanuyanu, osati pongolifinya ndi chala. Masipokosi agogodeni limodzilimodzi ndi sipanala: lolimba limalira bwino, lomasuka limangoti phu, ndipo lomasukalo ndi limene lidzathyoke n'kuboola chubu mukadzagunda dzenje.

Mabuleki, magetsi ndi hutala ndi zoti muone mwachangu, koma kebulo ya kilatchi iyang'aneni pamene imalowera m'chogwirira, poti m'pamene imayambira kuthothoka timawaya. Akatswiri a maulendo amagula ina n'kuimangirira pambali pa yakaleyo, kuti ikaduka angolumikiza nsonga ziwiri basi.

Zida musanyamule zambiri, koma zikhale zimene mwaziyesa pa njinga yanuyo: sipanala yomasulira mawilo onse awiri, sipanala ya pulagi, masipanala a 8, 10, 12 ndi 14, pulayasi, sikuludiraiva, zitsulo zochotsera tayala, zigamba ndi guluu wake, pampu, machubu, pulagi yatsopano, mafyuzi, waya ndi mphira za chubu chakale zomangira katundu. Yeserani kuchotsa gudumu la kumbuyo ndi kusintha chubu muli pakhonde panu. Ndaonapo anthu okhala ndi zida zokongola amene anazindikira ali kale pakati pa msewu kuti sipanala yawo yaikulu siikwana pa nati ya gudumu. Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga, ndipo chingwe chilichonse cholendewera chikhoza kukodwa m'gudumu.

Njinga ikazima panjira

Injini imafuna zinthu zitatu kuti ilire: petulo, moto wa pa pulagi ndi mpweya. Pofufuza vuto muziyamba ndi chosavuta ndi chotchipa, ndipo musalole munthu kumasula kabureta kapena injini zinthu zing'onozing'ono zisanaonedwe. Choyamba onani kaswitchi kofiira kozimitsira injini ka pa chiwongolero, chifukwa golovesi kapena chikwama cha pa thanki chimatha kukakhudza inu osadziwa. Njinga zina zili ndi switchi pa chitsulo choimikira cha m'mbali, imene ikadzaza matope imazimitsa injini mukangolowetsa giya. Kenako tembenuzirani kampopi ka petulo pa RES, pamene pamatsegula petulo wotsalira pansi pa thanki. Ngati njinga imayenda makilomita angapo n'kuzima, ndiye mukadikira pang'ono n'kuliranso, tsegulani chitsekerero cha thanki mutchere khutu: mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, kabowo kopumira thanki katsekeka, ndipo petulo akulephera kutsika.

Madzi ndi zinyalala m'petulo ndi vuto limene limachuluka nthawi imene mafuta akusowa ndipo anthu akugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Ine zinandichitikira nditangodutsa Jenda, nditathira malita atatu ogula m'botolo. Njinga inayamba kutsokomola, kenako inazimiratu, ndipo mnyamata wina amene anabwera kudzathandiza anali atagamula kale kuti injini yafa, tiitsitse. Pansi pa kabureta pamakhala kasikulu kokhetsera. Ndinakamasula n'kutchera chitsekerero cha botolo, ndipo pansi pa petuloyo panaoneka timadontho ta madzi tozungulira ngati mikanda, popeza madzi ndi olemera kuposa petulo ndipo sasakanikirana naye. Nditakhetsa kawiri, njinga inalira pa kiki yachiwiri. Kuyambira pamenepo ndimathira mafuta pa filing'i sitesheni iliyonse imene ndapeza ali, ngakhale thanki ili pa theka, ndipo ndikakakamizika kugula a m'chigubu ndimawasefa ndi kansalu koyera.

Petulo akakhala kuti akufika, yesani moto. Chotsani pulagi, muibwezere m'kapu yake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake ndiponso kutali ndi petulo wotayika, kenako mumenye kiki mutagwira pa mphira pokha. Moto wabwino umakhala wa buluu ndipo umathetheka. Ukakhala wofooka kapena palibiretu, ikani pulagi yatsopano musanaganize za koyilo. Mtundu wa pulagi yakaleyo umanena zambiri. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka, zonse zili bwino. Yakuda ndi mwaye imasonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri mlandu umakhala wa fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi kapena tchoko, chothandiza kuliza injini yozizira, chimene mwaiwala kubweza. Yoyera mbuu ndiyo yoopsa, chifukwa injini ikulandira petulo wochepa ndipo ikutentha mopitirira muyeso.

Mukadina sitata n'kungomva kuti tcha, yambani mwagwedeza mawaya a pa batire, chifukwa msewu wa mabampu umamasula timabauti take. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira mwamphamvu pang'ono. Likalephera kukwera chonchi ndiye kuti silikutchajidwa. Njinga ya kabureta mukhoza kuiliza poikankha ili pa giya yachiwiri, koma yatsopano yopopa petulo ndi magetsi imakana ngati batire lafa kotheratu.

Pali vuto limodzi limene si vuto ayi. Mukamakwera mapiri a Viphya, njinga ya kabureta imafooka pang'ono chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka. Tsitsani giya basi, ndipo musapatse munthu kuti aitchune, chifukwa mukadzatsikira kunyanja, komwe kuli mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, idzakhala ikulandira petulo wochepa pamalo otentha kwambiri.

Kayendetsedwe kake pamsewuwu

Nyamukani kukangocha kuti mukafike dzuwa lisanalowe. Usiku m'misewu yathu mumakumana ndi ngolo zopanda nyale, njinga zakapalasa, lole yofera pamsewu imene chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo, ndi maenje amene nyali ya njinga imakuonetsani mutafika kale. Muziima maola awiri aliwonse kuti mumwe madzi ndi kuwongola miyendo. Laisensi yoyenerera kukula kwa njinga yanu ndi mapepala a inshuwalansi zikhale m'pulasitiki pamalo osavuta kutulutsa pa rodibuloko, ndipo lamba wa helimeti amangidwe, chifukwa helimeti yosamanga imavuka mutu usanafike pansi. Jekete yochindikala, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo muvale ngakhale kutenthe.

Ku Chikangawa kumazizira ndipo chifunga chimagwa mwadzidzidzi, makamaka m'miyezi ya June ndi July komanso nthawi ya mvula. Yatsani nyali, chepetsani liwiro, ndipo musadutse malole a matabwa pokhota. Mukafuna kuima, tulukiranitu mumsewu.

Mtsetse wa Chiweta ndi umene umafuna ulemu. Mukamatsika, nyanja imaonekera m'munsi mokongola moti maso amafuna kuthawira komweko, pamene msewu uli wokhotakhota ndipo mumadutsa malole olemera, ena onyamula malasha. Lowetsani giya yachiwiri kapena yachitatu musanayambe kutsika kuti injini ikuthandizeni kugwira njinga. Kutsika pa nyutulo kapena injini itazimitsidwa pofuna kusunga petulo ndi chizolowezi choipa kwambiri, chifukwa mabuleki okha akagwira ntchito mtunda wonsewo amatentha ndipo amasiya kugwira. Muzigwira mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi njinga ili chiongokere, kenako n'kuwasiya kuti azizire, ndipo liwiro lichepe musanalowe pakona. Ambiri amene anaphunzirira pa kabaza amaopa buleki ya kutsogolo, chonsecho pa phula louma ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zoimitsira njinga. Chinsinsi chake ndi kuifinya pang'onopang'ono n'kumaonjezera, osati kuikoka kamodzi n'kamodzi. Maso aziyang'ana kumene mukufuna kutulukira, pakuti njinga imatsata maso, ndipo woyang'anitsitsa phompho amalowera komweko.

Ofuna kukwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba pa msewu wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona akuthwa pafupifupi 20, adziwe kuti ndi wa miyala ndipo mvula ikagwa umaterera. Pamakonawo gwiritsani giya yoyamba, lizani hutala, ndipo musaime pakati pa kona, chifukwa mwendo wa kumunsi sufika pansi. Pa mchenga ndi pa miyala yomasuka lamulo la buleki limasintha: ya kutsogolo muigwire mopepuka kwambiri, mudalire ya kumbuyo, mafuta muzipereka mofanana, ndipo manja asaume pa chiwongolero ngakhale gudumu la kutsogolo likugwedezeka.

Pobwerera pa M5 kuchokera ku Mzuzu kudzera ku Nkhata Bay, Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, msewu umakopa kuthamanga m'malo ena, koma muli milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi, ndipo wa lole saganiza kuti njinga nayo ili ndi ufulu wolowa poyamba, choncho mudikireni adutse. Mbuzi imodzi ikawoloka, yembekezerani kuti kamwana kake kakutsatira. Pamisika ya m'mbali mwa msewu minibasi imatha kuima kapena kutembenuka popanda chizindikiro. Ngati muli pagulu, musayende mondondozana pamzere umodzi. Wina akhale chakumanja kwa mbali yanu ya msewu, womutsatira chakumanzere, ndipo aliyense aziona pagalasi mnzake wa kumbuyo, kuti wina akaima uthenga ufike mpaka kwa wotsogolera.

Madzulo aliwonse mukafika pogona, musanavule n'komwe nsapato, thirani oyilo pa tcheni chikadali chofunda kuti alowe bwino usiku wonse, zunguzani matayala kufunafuna minga ndi misomali, ndipo mugwire ndi dzanja mabauti a keriyala ndi a ekizozi. Oyilo wa injini muyeze m'mawa njinga itaima chilili pamalo osapendekeka, chifukwa ikatsamira pa chitsulo cha m'mbali muyeso wake umanama.