Kawotchedwe ka Brussels sprouts ndi uchi, ndimu ndi mtedza

Brussels sprouts ndi timakabichi ting'onoting'ono, tokula ngati masuku, timene timabereka mondondozana pa tsinde limodzi lalitali, kalikonse pamalo pamene tsamba lalumikizana ndi tsindelo. Mbewuyi ndi ya mtundu umodzi ndi kabichi wamba, kolifulawa ndi burokoli, womwe akatswiri a zomera amautchula kuti Brassica oleracea, ndipo dzina lake linachokera ku mzinda wa Brussels m'dziko la Belgium, kumene alimi akhala akuilima kwa zaka mazana angapo. Anthu ambiri amene anatilawako n'kutida anatidya titawiritsidwa m'madzi mpaka kulobodoka. M'timakabichiti muli michere ya sulufule, ndipo tikakhalitsa pamoto m'madzi michereyo imasweka n'kutulutsa mpweya wonunkha womwe umamvekanso dzira likavunda. Choncho kaphikidwe kamene tinazolowera pa mpiru, repu ndi nkhwani, ka madzi, tomato ndi kuvundikira poto, sikagwirizana ndi ndiwo imeneyi. Imafuna moto waukali, wouma, wa nthawi yochepa, ndipo zotsekemera zimabwera kumapeto kwenikweni.

Kuwawa kumene timakabichiti tinkatchuka nako kale kunachepa ndithu. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Netherlands, Hans van Doorn, anapeza michere imene imabweretsa kuwawako, ndipo makampani a mbewu anayamba kukwatitsa mitundu yakale yosawawa kwambiri ndi mitundu yatsopano yobereka bwino. Timakabichi togulitsidwa masiku ano n'tofatsa pakamwa, ngakhale kuti kakuwawa pang'ono kanatsalabe, ndipo n'kamene kamachititsa kuti uchi ndi ndimu zikhale ndi ntchito m'mbale.

Kuno ku Zomba vuto loyamba ndi kutipeza. Msika waukulu wa mumzinda uno sumasowa kabichi, karoti, nsawawa, mbatatesi ndi zipatso zochokera kuphiri, koma Brussels sprouts si ndiwo yoti munthu angaidalire tsiku lililonse. Kawirikawiri amene watifuna amatipeza m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre, nthawi zambiri tili toundana m'mapaketi a mufiriji. Mbewuyi imakonda kuzizira, ndipo imatsekemera kwambiri ikakhwima m'nyengo yozizira. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 pamalo ake okwera kwambiri, kotero amene ali ndi dimba kumtunda, cha ku Ku Chawe ndi m'mbali mwa phirili, ali ndi mwayi woiyesa atafesa mvula ikamatha kuti timakabichi timange mu June ndi July. Kumunsi kotentha, cha ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, timakabichi timamasuka masamba m'malo momanga, ndipo nsabwe za m'masamba zimabisala mkati mwake.

Pogula tatiwisi, sankhani tolimba mukatifinya, tobiriwira bwino, ta masamba ogwirana. Ta chikasu, tofota kapena ta mabowo a mbozi tisiyeni. Tating'ono timakhala totsekemera ndi tofewa kuposa tatikulu, koma chofunika koposa n'chakuti tikhale tofanana msinkhu kuti tipsere limodzi.

Kwa anthu anayi, theka la kilogalamu limakwana. Pamodzi ndi timakabichito konzani supuni zazikulu 2 za mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya mchere, supuni yaikulu 1 ya uchi, supuni yaikulu 1 ya madzi a ndimu, mbewu 2 za adyo, mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, ndi kachidutswa ka tsabola wa kambuzi ngati a pakhomo panu amadya tsabola. Mafuta a mpendadzuwa kapena a soya amene timaphikira tsiku ndi tsiku ndi okwanira, chifukwa amapirira moto waukali. Batala ndi majarini musawotchere, popeza amapserera msanga.

Yambani ndi kutsuka timakabichi m'madzi ozizira. Ngati tachokera kudimba, tiviikeni kwa mphindi 10 m'madzi a mchere pang'ono kuti nsabwe ndi timbozi tituluke. Dulani kachitsa kouma ka kunsi, pang'ono pokha, chifukwa mukadula mozama masamba onse amayoyoka. Chotsani tsamba lakunja ngati lafota, kenako dulani kakabichi kalikonse pakati kuchokera kumutu mpaka kutsinde, kuti theka lililonse likhale ndi gawo la tsinde logwira masamba ake. Tatikulu kwambiri tiduleni panayi, ndipo tating'onoting'ono tisiyeni tathunthu. Masamba abwino amene agwa podula musataye. Asungeni padera kuti mudzawaike pathireyi kwatsala mphindi 10, chifukwa amauma n'kukhala okhukhuta, koma akalowa pachiyambi amapserera.

Kuumitsa ndi gawo limene ambiri amalidumpha, pamene ndi lomwe limasiyanitsa ndiwo yowotcha ndi ndiwo yofutsa. Madzi akakhala pamasamba, kutentha kwa pamwamba pake sikupitirira madigiri 100 mpaka madziwo atauma, pamene kufiira kokoma kumene tikukufuna kumayamba mofulumira kutentha kukafika madigiri pafupifupi 140 ndi kupitirira. Kufiirako kumabwera shuga wa m'masamba akagwirizana ndi tizigawo ta mapuloteni, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza m'chaka cha 1912, ndipo n'zomwezo zimene zimapatsa mtedza wokazinga ndi khungu la buledi fungo lake. Ndiye yalani timakabichi pa nsalu yoyera ya m'khitchini, mutipukute mpaka tiume, kapena mutisiye pa lichero pamphepo kwa theka la ola. M'masiku a chiperoni, pamene mpweya uli wachinyezi, nsalu ndiyo yodalirika.

Yatsani uvuni pa madigiri 220, ndipo muike thireyi yachitsulo mkatimo kuti itenthere limodzi ndi uvuniyo. Ngati uvuni yanu ili ndi chokupiza mphepo mkati, madigiri 200 ndi okwanira. Pamene mukudikira, ikani timakabichi m'beseni, muthire mafuta ndi mchere, ndipo musakanize ndi manja mpaka kalikonse kanyezimire. Kuthira mafuta timakabichi tili kale pathireyi sikuthandiza, chifukwa tina timasambira m'mafuta pamene tina timatsala touma n'kupserera. Uchi, adyo ndi ndimu zisalowe pa nthawi ino.

Uvuni ikatentha, tulutsani thireyi mosamala ndipo muyale timakabichi mbali yodulidwa itayang'ana pansi. Ntchito yotembenuza kamodzikamodzi imaoneka yotopetsa, koma mbali yafulatiyo ndi imene imakhudza chitsulo chotentha n'kufiira, pamene masamba a pamwamba amasunga nthunzi yofewetsa mkati. Siyani mpata pakati pa timakabichi. Tikapanikizana kapena kusanjikizana, nthunzi imasowa kothawira ndipo timafutsika. Thireyi ikachepa, ndi bwino kuwotcha maulendo awiri kusiyana ndi kudzaza kamodzi.

Ikani thireyi m'munsi mwa uvuni ndipo musaitsegule kwa mphindi 15. Mukatsegula, nyamulani kamodzi ndi foloko muone kunsi kwake. Ngati kwafiira moderako, tembenuzani thireyi kuti mbali imene inali kumbuyo ibwere kutsogolo, popeza uvuni zambiri sizitentha mofanana, ndipo muwonjezere masamba amene munasunga aja mutawapaka mafuta pang'ono. Pakatha mphindi zina 5 mpaka 10, nsonga ya mpeni iyenera kulowa patsinde mosavuta koma kakabichiko kasanalobodoke. Masamba ena akunja amada m'mphepete, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa m'menemo ndi momwe muli kukoma. Chimene chaonongeka ndi chokhacho chimene chada bii n'kumanunkha utsi.

Timakabichi tili m'uvuni, konzani msuzi wake. Sinjani adyo, mumusakanize ndi uchi, madzi a ndimu ndi tsabola wodula bwinobwino. Uchi ukakhala wolimba chifukwa cha kuzizira, ikani kapu yake m'madzi ofunda kuti usungunuke. Uchi uli ndi shuga wa mtundu umene umapsa msanga kuposa shuga wa nzimbe, kotero ukalowa m'uvuni ya madigiri 220 kuyambira pachiyambi umada n'kuwawa timakabichi tisanapse, ndipo adyo naye amatero. N'chifukwa chake msuziwu umathiridwa timakabichi titapsa kale: tulutsani thireyi, thirani msuzi, sakanizani, ndipo mubwezere m'uvuni kwa mphindi 2 kapena 3 zokha kuti umatirire ndi kuti ukali wa adyo uphwe. Pamenepa musachoke pakhitchini.

Muyeso wa uchi ndi wofunika kuusamala. Ambiri amaganiza kuti uchi wambiri ndiwo ubisa kuwawa, koma mchere ndi umene umachepetsa kuwawa pa lilime kuposa shuga, ndipo uchi ukachuluka ndiwo imasanduka chakudya cha ana chimene sichiyenda ndi nyama kapena nsomba. Lawani kamodzi musanapakule. Ngati kakuwawabe, wonjezerani kamchere. Ngati kakukoma koma kakulemera pakamwa, finyiranimo ndimu. Uchi muwonjezere pokhapokha ziwirizi zitalephera. Amene alibe uchi angathe kusungunula supuni ya shuga wabulauni m'madzi a ndimu, ndipo amene ali ndi viniga wa balsamic angamuike m'malo mwa ndimu, ngakhale kuti ine ndimaona kuti ndimu wa pamsika amapepukitsa mbaleyi bwino kuposa viniga wokwera mtengoyo. M'nyumba imene muli khanda losakwana chaka, kumbukirani kuti mwana wotere sapatsidwa uchi, ngakhale wophikidwa.

Mtedza umabwera pomalizira, ndiwo ili kale m'mbale. Ukazingeni padera, muupukuse makoko, muuphwanye pang'ono mumtondo osafika pa nsinjiro, kenako muuwaze pamwamba. Makademiya a ku Thyolo amagwiranso bwino ntchito imeneyi kwa amene angawakwanitse. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America amakonda kuwotchera timakabichiti pamodzi ndi bekoni, koma kuno ku Zomba mabanja ambiri sadya nkhumba, ndipo pa phwando la anthu osiyanasiyana mtedza umapereka mafuta ndi kukhukhuta kofananako popanda kusiya mlendo wina kunja. Anyezi wofiira wodula mokhuthala, wowotchera limodzi kuyambira pachiyambi, amawonjezera kutsekemera kwina kosafuna uchi.

Amene alibe uvuni, kapena magetsi akathima ndiwo zisanapse, angathe kuwotcha pa mbaula. Pamafunika chiwaya chokhuthala, makamaka chachitsulo cholemera, ndi makala amene ayaka mpaka kuyera phulusa pamwamba. Tenthetsani chiwaya, muikemo timakabichi topaka kale mafuta mbali yodulidwa ili pansi, ndipo musatakase kwa mphindi 5 kapena 6 mpaka kunsi kufiire. Kenako vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo n'kuikapo makala ochepa pamwamba, monga timachitira pophika chigumu, koma musiye kampata kotulukira nthunzi. Chepetsani makala a pansi kuti kunsi kusapserere. Pakatha mphindi 8 mpaka 10 yesani ndi mpeni, ndipo tikapsa phulani chiwaya musanathire msuzi wa uchi, chifukwa kutentha kwa chitsulocho n'kokwanira kuumatitsa. Pa theka la kilogalamu chiwaya chimodzi sichikwana ulendo umodzi. Mbaula ikhale panja kapena pamalo popita mphepo, ngakhale kuzizire motani, popeza mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha.

Toundana ta m'mapaketi tili ndi malamulo ake. Tisanaikidwe m'paketi timakhala titawiritsidwa kale pang'ono, ndipo madzi oundana amaswa minofu ya masamba, choncho sitingakhukhute ngati tatiwisi. Musatisungunule m'madzi. Tichotseni m'paketi, mugwedeze madzi oundana amene amatirira, mupake mafuta ndi mchere, ndipo mutiike msangamsanga pathireyi yotentha kwambiri. Pakatha mphindi 10 timakhala titafewa moti mungathe kutidula pakati n'kutigoneka chafufumimba kuti tifiire kwa mphindi zina 15.

Ngati Brussels sprouts tasowa, kabichi wamng'ono wolimba wa pamsika amalowa m'malo mwake bwino ndithu, poti ndi mbewu imodzimodzi. Mduleni m'zigawo 8 zokhala ndi tsinde kuti masamba asabalalike, mupake mafuta mbali zonse, ndipo muwotche pa kutentha komweko kwa mphindi 25 mpaka 30, mukutembenuza kamodzi pakati. Msuzi wa uchi ndi mtedza sizisintha.

Ndiwoyi ilibe msuzi wosusira, kotero pa nsima imafuna inzake, monga nyemba kapena nkhuku ya msuzi. Imakhala bwino kwambiri pambali pa mpunga, mbatatesi zowotcha, nkhuku yowotcha kapena chambo chokazinga, ndipo iyenera kufika patebulo ikadali yotentha chifukwa ikakhalitsa masamba okhukhuta aja amanyowa. Musaivundikire podikira alendo. Timakabichiti tili ndi vitamini C ndi vitamini K wambiri, ndipo amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa warfarin ayenera kufunsa dokotala asanayambe kutidya kawirikawiri, popeza vitamini K amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo. Totsala tisungeni mufiriji m'chotengera chotseka kwa masiku osapitirira 3, ndipo potenthetsanso gwiritsani ntchito chiwaya chotentha chopaka mafuta pang'ono, mutiwaze mtedza wina watsopano popakula.